Munda Wosalimidwa wa Amalume Fabiyano

Amalume anga a Fabiyano tawaika Lachitatu lapitali, ndipo ine ndinachoka pamanda mwambo usanathe. Anthu akunena kuti dzuwa linandigonjetsa. Dzuwa la ku Tete ndinalizolowera kalekale, ndimakhala nalo tsiku lonse pa benchi yanga ya mbatatesi ndi kabichi. Chimene chinandichotsa ndi pakamwa pa msuweni wanga Domingo, mwana wawo woyamba. Anaimirira kumutu kwa bokosi, jekete yakuda, kampango m'manja, n'kunena kuti bambo ake anali munthu wopatsa, mtengo wamthunzi, amene anagawira abale malo ku Matundo kuti aliyense akhale ndi pogona. Anthu ambiri anavomera ndi mitu. Ndinawayang'ana mmodzimmodzi, ndipo ovomera kwambiriwo anali omwe amagona m'nyumba za pamalo amenewo.

Bodza limenelo ndilo landikhazika pansi kuti ndilembe. Amalume sanagawire munthu malo. Anakana, anatukwana, anapirikitsa anthu ndi ndodo. Akufa akanakhala kuti amadzuka, Domingo akanalawa ndodo ija pamsana, ansembe akuona.

Ku Matundo konse ankawatcha a Komandanti, chifukwa anali woyendetsa ndege. Osati ndege zikuluzikulu zopita ku Maputo ayi, koma tindege ta injini imodzi, tija timanyamula mwini wake, mkazi wake ndi chikwama. Kwathu ndi ku Angonia. Nkhondo itafika povuta tinathawira ku Malawi monga anzathu onse, ndipo kumeneko amalume, amene anali kale makaniko wa magalimoto, anapeza ntchito kwa amishoni ena amene anali ndi kandege konyamulira odwala. Anayamba ndi kukonza, kenako anaphunzira kuyendetsa. Mtendere utabwera mu 1992 tinabwerera, ife mitolo pamutu, iwo chiphaso cha ndege m'thumba ndi mwano umene unali waukulu kuposa chiphasocho.

Sindikuwayeretsa. Anali munthu wovuta kukhala naye. Ndege yaing'ono ikamanyamuka ankakweza dzanja, ndipo aliyense ankayenera kutseka pakamwa, kaya ndi mlendo, kaya ndi wopempherera chakudya. Ankapendeketsa mutu n'kumamvetsera mpaka kulira kwa injini kutazimiririka, kenako n'kutsitsa dzanja ndi kunena kuti pitirizani, ngati kuti mawu athu anali m'thumba mwawo. Chakumwa chilichonse, tiyi, mahewu kapena madzi, ankayamba achikweza kudzuwa ndi kuchiyang'ana pansi pake. Ndi chizolowezi cha ntchito yawo: asananyamuke amakhetsera mafuta a ndege m'kabotolo kuti aone ngati mwalowa madzi. Koma kawafotokozereni zimenezo apongozi amene akupatsani mahewu ndi manja awiri. Ku ukwati wina ku Tsangano anthu anatsala pang'ono kutithamangitsa, ati mlendo wathu akuwaganizira kuti amuthirira mankhwala. Amalume sanapepese. Kupepesa sikunali m'kamwa mwawo.

Ndiye panali munda uja. Kumapeto kwa bwalo la ndege, kuseri kwa mpanda wa waya, kunali tchire la masawu ndi minga. Amalume anapempha malowo kwa akuluakulu a dera pa nthawi imene kunalibe wowasirira. Anadula mitengo yonse ya masawu, amayi ophika kachasu akuwatemberera. Anagumula chulu chilichonse, anazula zitsa, anatola miyala n'kuiunjika m'mbali. Atamaliza, anthu akudikira kuti aone chimene mkuluyu adzale, sanadzale kanthu. Unali munda wautali ngati msewu, wosalala, wopanda phesi ngakhale limodzi. Chaka china akazi awo, mayi ake a Domingo, anaunda mizere ya mbatata pakona pamene ankayesa kuti sipaoneka. Amalume anaifafaniza tsiku lomwelo ndi khasu, ati mzere umakola gudumu. Pambali pa mundawo anamanga kachisakasa ka udzu, ndipo masiku amene sanali kuuluka ankakhala mmenemo pamwala, akupirikitsa mbuzi za anthu.

Mayi anga, mlongo wawo weniweni wa bere limodzi, anapita kukawapempha malo bambo atamwalira. Tinkakhala m'nyumba ya lendi ku Chimadzi, chipinda chimodzi ndi pabalaza, ine ndi mayi ndi mlongo wanga wamng'ono Lusiyano. Ndinawaperekeza. Tinawoloka mlatho wa pa Zambezi pa chapa, minibasi ya kuno, mayi atanyamula nkhuku, chifukwa ngakhale kwa mbale wako supita chimanjamanja ukamakapempha. Anakhala pansi pafupi ndi chisakasa chija n'kuyamba bwinobwino.

"Achimwene, renda ya nyumba yatikwana. Ndipatseniko kamalo kumapetoko, ndiike kanyumba ka anawa."

"Nada," anatero amalume.

"Malo onsewa angokhala, achimwene. Simulima, simumanga."

"Sanangokhala, Nangozo. Ali pa ntchito."

"Ntchito yanji, yodyetsa mphepo? Mukusungira ndege za azungu, mlongo wanu akugona m'nyumba ya eni?"

"Ukamanga pano, tsiku lina udzadya nsima ndi motoro wa ndege m'mbale. Tenga nkhuku yako."

Mayi anaitengadi nkhuku yawo. Kwathu munthu amene ali ndi malo sakaniza mbale wake pomanga, makamaka mlongo wamasiye. Mwambo umenewo ngakhale mfiti imausunga. Nkhani inafika mpaka ku Angonia kuti Fabiyano wauma mtima, wasankha fumbi kusiya magazi ake. Mayi sanawalankhulenso mpaka imfa yawo, ndipo anamwalirira m'chipinda cha lendi chomwecho. Pamenepa ndimawakwiyira amalume mpaka lero. Akanatha kukhala pansi ndi kufotokoza ngati munthu. Akanatha kuthandiza mlongo wawo kupeza malo kwina. Iwo ankaona ngati ukakhala ndi chilungamo ndiye kuti ulemu ulibenso ntchito.

Chifukwa chake chinalipo, ndipo ankayenda nacho m'mwendo wawo wamanzere umene unali wotsimphina. Zaka zoyambirira titabwerera, ankayendetsa kandege ka mkulu wina wa malonda a ng'ombe. Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, ananyamuka ndi bwanayo, mkazi wake ndi mwana wawo. Atangodutsa mpanda, pamwamba pang'ono pa milambe, injini inatsokomola n'kukhala chete. Bwana uja anacheuka n'kuona msewu wa ndege uli pambuyo pomwepo, wotakasuka, woyera. Anagwira amalume pa kolala akukuwa kuti: "Bwerera ku pista! Bwerera, iwe!" Amalume anamupatsa chigongono pakamwa, dzino n'kuthothoka. Anatsitsa mphuno ya ndege n'kulunjika m'tchire la masawu limene linali patsogolo. Minga inakhadzula mapiko, gudumu linagunda chulu, ndege inagadabuka chagada. Onse anatuluka chokwawa, amoyo. Mwendo wothyoka unali wa amalume okha. Bwana uja anawachotsa ntchito chifukwa cha dzino, ndipo amalume akamasimba ankamaliza ndi kunena kuti mano otsalawo akudyerabe nyama.

Kuchokera tsiku limenelo anali ndi chiphunzitso chimodzi, ndipo tinachimva mpaka makutu kuwawa. Ankati ndege imene yangonyamuka ili ngati mayi wosenza ndowa yodzaza akukwera gombe la Zambezi, satembenuka mwadzidzidzi. Injini ikafa uli pafupi ndi pansi, chimene chakutsalira ndi liwiro lokha, ndipo kukhota kumadya liwiro. Likatha, phiko limasiya kugwira mphepo ndipo ndege imagwa chamutu. Mtima umakuuza kuti ubwerere kumene wachokera poti n'kosalala, koma ankati mtima pa nthawi imeneyo ndi wabodza. Tsitsa mphuno, pita patsogolo, gunda chimene chilipo uli ndi ulamuliro. Ndege ndi ya bwana, khosi ndi lako. Koma chulu chija chinawaphunzitsanso china, chakuti kupita patsogolo kumafuna kuti patsogolopo pakhale poti munthu n'kugwera. Munda uja anausalaza chifukwa cha chimenecho, kuti wina amene injini idzamufere asadzakumane ndi chulu.

Wina ameneyo sankamudziwa. Kenako anakhala wa m'nyumba mwathu. Lusiyano, atamaliza sukulu, anayamba kuwoloka mtsinje mozemba kupita kwa amalume, mayi akutukwana kuti akukatengera kuuma mtima. Anali munthu wofatsa, woseka ndi aliyense, wosiyana nawo ngati mchere ndi shuga, koma ndege zinamulowa m'magazi. Amalume anamuphunzitsa, anamupezera njira ya sukulu ya ndege, ndipo atabwerako ndi chiphaso sanamusiyebe. Munthu wamkulu wandevu, wokwatira, ali pakati pa kudya, amalume ankamenya tebulo n'kukuwa kuti: "Motoro wafa!" Lusiyano ankayenera kukankha dzanja kutsogolo nthawi yomweyo, ngakhale muli mbamu m'manja. Akachedwa pang'ono, ndodo pa bondo. Ankachita zimenezo mu chapa, pa maliro, ngakhale tsiku la ubatizo wa mwana wa Lusiyano. Ife tinkaseka. Lusiyano ankati akadzakhala kumanda amalume akadzamenya bokosi, iye adzakankhabe dzanja.

Kenako amalume anadwala matenda ofa ziwalo. Mbali yakumanja inafa, pakamwa panapotoka, mawu ankatuluka ochepa ndi olemera. Zonse za pakhomo zinagwera m'manja mwa Domingo. Msuweni wangayu si wakuba, ndinene zoona. Matenda ake ndi ena: amafuna kutchedwa bambo wa anthu. Inali nthawi imene migodi ya malasha inakokera anthu mu Tete, nyumba za lendi zikukwera mtengo mwezi ndi mwezi, abale akutsika kuchokera ku Angonia ndi ku Tsangano kudzafuna maganyu. Ankafika kwa Domingo atagwira chipewa m'manja, ndipo iye ankawatenga kupita nawo kumunda kuja, n'kuyeza ndi mapazi, n'kukhoma zikhomo. Ati akufafaniza manyazi a banja. Ati kupatsa n'kuika. Inenso anandiuza kuti ndisankhe pamene ndikufuna. Ndinakana, osati chifukwa cha nzeru, koma poti ndi kutali ndi msika wanga, komanso sindikanagona pamalo amene mayi anabwererapo ndi nkhuku.

Lusiyano ndiye anapita kukamuchonderera, ine ndilipo.

"Asuweni, siyani pakati pokha. Mangani m'mbali, pakati pakhale njira."

"Njira ya ndani?" anafunsa Domingo.

"Ya amene motoro wamufera. Ine ndimanyamukira pamwamba pa malo amenewa sabata iliyonse."

"Aaa, Lusiyano, nawenso wayamba za madala? Chichitikireni ngozi yawo ija, yagwanso ndege ina pano? Anthu akugona m'makhonde a eni, iwe ukuti ndisungire mphepo talyawu, malo oti munthu amangepo?"

"Sindikuti musawapatse. Ndikuti pakati."

"Pakati ndi pamene ndalonjeza azakhali a Rozina. Ukawauze wekha kuti achoke."

Lusiyano sanakawauze. Ndani angauze mayi wokalamba wa zidzukulu zamasiye kuti zula zikhomo zako? Mwambo womwe uja umene amalume anauponda ndi nsapato, iye unamumanga miyendo. Miyala imene amalume anatola ndi manja awo inalowa m'maziko a nyumba. Panabwera malata, zimbudzi, zingwe zoyanikira zovala, mitengo ya mango, kagolosale, ndi mawaya a magetsi olumikizalumikiza. Amalume ankawanyamula pampando kuwaika pakhonde la nyumba yawo yoyang'anana ndi mundawo, ndipo ankaona zonsezo ndi diso lawo labwino. Ankamenya ndodo pansi, malovu akutuluka, ndipo Domingo ankauza alendo kuti madala akusangalala kuona abale.

Linali Loweruka m'mawa pamene Lusiyano ananyamuka yekha pa kandege ka bwana wake, kupita kukamutenga kumunda kwake. Azakhali a Rozina, amene anamangadi pakati paja, anali kuyanika zovala. Iwo ndi amene anandiuza, ndipo sanasinthepo mawu awo. Anati ndege inadutsa mpanda ikulira bwinobwino, kenako inangoti zii. Anaiona ikutsitsa mphuno, kulunjika pa iwo ndendende, mwakachetechete, moti ankamva mphepo ikulira m'mapiko. M'kanjira ka pakati pa nyumba munali ana akusewera mpira, ndipo anaima n'kumaibayibitsa. Kenako phiko limodzi linanyamuka, ndege inayamba kukhota kubwerera kumene inachokera. Sinamalize. Inapendekeka, inazungulira, inagwa chamutu m'mbali mwa mpanda, pamalo opanda nyumba. Palibe mwana amene anakandika ngakhale chala.

Ofufuza anabwera ndi kupita. Chimene chinazimitsa injini ena ankati ndi madzi m'mafuta, ena ankati china, ine sindikudziwa ndipo sindikunamizira munthu. Amalume ankanena kale kuti injini ndi chitsulo, imafa tsiku limene yafuna, ndipo funso si lakuti yaferanji koma lakuti ugwera pati. Koma anthu anali ndi chigamulo chawo msanga: woyendetsa analakwitsa, anakhota.

Pa maliro a Lusiyano, amene anachitikira kwathu ku Chimadzi, amalume tinawanyamula pampando n'kuwaika pansi pa mtengo pamene panakhala amuna. Ine ndinali kudutsa ndi ndowa ya madzi pamene ndinamva Domingo akufotokozera anthu, ndi mawu a munthu wodziwa zinthu.

"Mwanayu anachita mantha basi. Madala anamuphunzitsa zaka zonsezi kuti motoro ukafa sutembenuka, umapita patsogolo. Anaiwala lamulo."

Amuna anang'ung'udza movomereza. Wina anati mawu a akulu amakoma akagonera. Pamenepo ndodo inamenya mwendo wa mpando. Amalume, amene kwa miyezi sanatulutse mawu omveka, anali kulimbana ndi pakamwa pawo, mitsempha ya m'khosi itaima. Anthu onse anacheukira kwa iwo.

"Patsogolo pati?" anatero.

Domingo anawerama. "Madala, pumulani."

"Patsogolo pati?" Anakweza ndodo ndi dzanja lamanzere n'kuloza mwamuna wina wa ku Tsangano. "Pa denga lako?" Anasuntha ndodo. "Pa lako?" Anapita nayo mzere wonse, munthu ndi munthu, osadumpha ngakhale mkulu wa mpingo, ndipo aliyense wolozedwa ankayang'ana pansi. Pomaliza ndodo inaima pa chifuwa cha mwana wawo. "Sanaiwale. Anatsitsa mphuno. Anaona ana." Anakankha ndodoyo pa chifuwapo. "Iwe ndiwe unamukhotetsa."

Mawu amenewo ndiwo anali ulaliki wa maliro a mlongo wanga, ndipo sindinamvepo wina woposa pamenepo. Ndowa ndinaitula pansi n'kulira kumene ndinali ndisanalire chimwalirireni Lusiyano. Ndinalira ndi ukali, chifukwa mlongo wanga anadziwa bwino lomwe chimene kukhota kumachita. Anakumva patebulo, mu chapa, pa ubatizo. Anakhota akudziwa.

Tsiku lomwelo amalume anakana kubwerera ku Matundo. Anagwira mwendo wa tebulo langa ndi dzanja lawo lamoyo mpaka anyamata owanyamula anagonja. Zaka zawo zomaliza anakhala ndi ine ku Chimadzi, m'chipinda chomwe chija cha lendi mmene munamwalirira mlongo wawo amene anamukaniza malo. Sindikudziwa ngati ankaganiza zimenezo akamayang'ana kudenga. Sanandiuze, ndipo sindinawafunse. Domingo ankabwera ndi nsomba ndi shuga, amalume ankatembenukira kukhoma. Mwana wa Lusiyano yekha ndiye ankaloledwa kuwagwirira kapu, ndipo ankadziwa kuti ayambe waikweza kuwindo kuti agogo aone pansi pake. Kuno kutsidya ndege zazing'ono zimamveka patali kwambiri, koma dzanja lija linkakwerabe, ndipo m'nyumba mwanga tinkatseka pakamwa popanda wotiuza.

Ndiye Lachitatu munthu aime pamanda n'kunena kuti bambo anga anagawira abale malo! Wawalanda munda ali moyo, tsopano akuwalandanso kukana kwawo, chinthu chimodzi chimene anachilipirira ndi mlongo wawo, ndi dzina lawo, ndi mwendo wawo. Akufuna kuti zidzukulu zidzamve kuti a Komandanti anali nkhalamba yabwino yopatsa, ndipo Lusiyano anali mnyamata wamantha amene anaiwala phunziro. Ine ndikadali moyo zimenezo sizichitika. Amalume anali ouma mtima, amwano, osapepesa, ndipo pa nkhani ya munda uja ankanena zoona.

Dzulo ndinatseka benchi masana n'kukwera chapa kupita ku Matundo. Ndinavutika kupeza pamene munda unkayambira. Azakhali a Rozina anandiona n'kulowa m'nyumba. Chichitikireni ngozi ija sayanikanso zovala panja ndege ikamalira, koma sanasamuke, alibe kopita. Chisakasa cha amalume chinagwa kalekale. Mwala umene ankakhalapo ulipo, wosalala pamwamba, ndipo pozungulira pake patsala kabwalo kakang'ono ka fumbi, kokwana kuyanikapo mphasa ya chimanga. Ndi gawo lokhalo la munda uja limene likadali lopanda kanthu. M'makona mwake ndinapezamo zikhomo zatsopano, mitengo yake ikadali yaiwisi, ndi chingwe cha buluu chomangidwa kuzungulira. Munthu wa m'nyumba yoyandikana ndi kabwaloko anandiuza kuti Domingo walonjeza malowo kwa mlamu wake.

Ndinadumpha chingwecho n'kukhala pamwalapo. Posakhalitsa kandege kena koyera kanathamanga kuseri kwa mpanda n'kunyamuka, kulunjika pamwamba pathu. Wailesi ya pagolosale inapitiriza kuimba, amayi anapitiriza kusinja, ana anathamanga akubayibitsa. Palibe anakweza dzanja. Ine ndinamvetsera injini ija, ndipo ndinachita chimene amalume ankachita moyo wawo wonse, ndinayang'ana patsogolo pake kufuna poti kangagwere. Kuchokera pampanda mpaka kumene maso anga analekezera kunali madenga okhaokha.